Galu wanuyo munamubayitsa liti?

Kuno ku Mulanje kaya ndi ku Chitakale, Chisitu, Nkando mpakana ku Limbuli, makomo ambiri ali ndi galu, wina wolondera nyumba wina wothamangitsa anyani kumunda m'mphepete mwa phiri. Koma mukafunsa za katemera wa chiwewe yankho lake ndi lija lakuti aaa ameneyu ngwachikuda sadwaladwala. Abale anga chiwewe sichisankha galu ayi, ndipo munthu wolumidwa ndi galu wachiwewe akangoyamba kuopa madzi ndi kubwebweta palibenso mankhwala, ndi maliro basi. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati anthu pafupifupi 59,000 amafa nacho chaka chilichonse padziko lonse, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15, ana athu omwewa ogwiragwira tiagalu pabwalo.

Kagalu kakakwana miyezi 3 kabayitseni, kenako chaka ndi chaka osadumphitsa, kapepala kaja musunge pabwino. Alangizi a ziweto akalengeza kuti kukubwera katemera musatume mwana wa sitandade 2 yekha ndi galu wolusa, pitani nokha mutamumanga chingwe. Kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera pamafunika agalu 7 mwa 10 alionse akhale obayidwa, nde khomo limodzi likamazemba likuika mudzi wonse pachiswe. Zoti katemera amachotsa galu ukali kapena amalekesa kusaka ndi bodza lenileni, jakisoniyo sakhudza mphuno olo miyendo. Mphaka nayenso amatenga chiwewe, muikeni m'thumba lolowa mpweya mupite naye.

Wina akalumidwa olo kungokandidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, nkupita kuchipatala tsiku lomwelo. Zothira phulusa, tsabola kapena ubweya wa galu wowotcha sizipha kachilombo. Galu wolumayo ngati ali wapakhomo mmangeni masiku 10 muzimuona, ndipo alangizi auzeni.

Njoka za m'mimba ndiye zimatha tiana tagalu mwakachetechete, kamimba kutupa ngati kakhuta koma nthiti zili pamtunda, ubweya uli nyankhalala. Mankhwala ake tiyambeni tili ndi masabata 2, kubwereza masabata awiri alionse mpaka miyezi 3, galu wamkulu ndi mphaka miyezi 3 iliyonse. Palinso parvo, kagalu kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha koopsa, kamafa masiku ochepa chabe. Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo ndi wogula, funsani kwa alangizi kapena kumashopu a vetenale, bola kulipira pamenepo kusiyana nkukwirira tiana tonse.

Mvula yathu ino yosatherapo imachulukitsa nkhupakupa ndi utitiri. Sabata iliyonse mugwireni galu mumuone m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Tukulani mlomo muone nkhama, zikakhala zoyera mbuu m'malo mofiirira ndipo akukana chakudya, ameneyo magazi akutha chifukwa cha matenda a nkhupakupa, musadikire mawa. Mphutsi zija zotupitsa timabuno ndi pamimba zimachokera ku ntchentche yoikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo, nde pogona pake pazikhala pouma, saka lake muziyanika padzuwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mankhwala ongopatsa mwachisawawa. Panado amapha mphaka, olo theka lake. Dibi ya ng'ombe kapena mankhwala a nkhupakupa a agalu okhala ndi permethrin musayerekeze kumupaka mphaka, amanjenjemera nkukomoka. Ndipo mankhwala opopera tomato kapena tiyi si osambitsira galu, amalowa pakhungu komanso galuyo amadzinyambita. Musanagule chilichonse werengani pabotolo ngati palembedwa galu kapena mphaka, ndipo muyezo wake ufanane ndi kulemera kwa chiwetocho.