Mogawanira bilu ya madzi mnzanu akalima dimba pa lendi

Pa nyumba za lendi zambiri kuno ku Mangochi, mabanja atatu kapena anayi amatunga pa mpopi umodzi, mita imodzi, bilu imodzi yochokera ku Southern Region Water Board. Mtendere umakhalapo mpaka wina atakumba mabedi a mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba. Ikangofika Okutobala, bilu yakwera, ndipo maso onse ali pa mwini dimba. Njira yachilungamo ndi iyi: yezani madzi a m'dimba, mwini wake alipire amenewo payekha, otsalawo mugawane powerenga anthu a m'nyumba iliyonse.

Yambani ndi kudziwa kuwerenga mita. Manambala akuda amawerenga makiyubiki, ofiira ndi zigawo za kiyubiki. Kiyubiki imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, anthu awiri a nyumba zosiyana awerenge limodzi, ajambule pa foni ndi kulemba m'kope.

Musanaloze chala dimba, onani ngati madzi sakutayika kwina. Tsekani mipopi yonse usiku, lembani manambala, m'mawa muwerengenso wina asanatunge. Akasuntha ndiye kuti penapake pakudontha: payipi yapansi, mpopi wotha labala, kapena thanki ya chimbudzi yomwe mpira wake sutseka. Chimbudzi chotere chimataya madzi usana ndi usiku mwakachetechete, ndipo chingathe kuposa dimba lonse. Zimenezi ndi zoti alandilodi akonze, si mlandu wa wolima.

Tsopano kuyeza dimba. Chosavuta ndi kuthirira ndi kheni ya malita 10 n'kumawerenga. Nyengo yotentha, dothi la mchenga ngati la kufupi ndi nyanja kapena m'mbali mwa Shire silisunga chinyezi, choncho malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi amafuna malita 5 mpaka 7 pa tsiku. Mabedi atatu, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, amamwa malita pafupifupi 90 pa tsiku, makheni 9. Pa masiku 30 ndi malita 2,700, makiyubiki 2.7. Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba kunja kukuzizira, makheni amachepa. Mvula ikayamba mu Disembala mwina sathirira n'komwe. N'chifukwa chake si bwino kupangana ndalama imodzi ya chaka chonse.

Tiyerekeze mita yasonyeza makiyubiki 24 ndipo bilu ya mweziwo ndi K48,000. Gawani 48,000 ndi 24, kiyubiki ikubwera K2,000. Dimba lalipira K5,400. Yotsala ndi K42,600. Ngati pamalopo pali anthu 12, mutu uliwonse K3,550. Banja la anthu 5 lipereka K17,750, wokhala yekha K3,550, mwini dimba aonjeza K5,400 pa gawo la banja lake. Kugawa pa khomo pa khomo kumapweteka mbeta ndi ana asukulu, chifukwa amalipirira kuchapa ndi kusamba kwa banja lalikulu. Za makanda ndi alendo okhala sabata yathunthu mugwirizane poyamba, ndipo mulembe.

Pa bilu onetsetsani zinthu ziwiri. Ngati pali ngongole ya miyezi yam'mbuyo, ichotseni musanawerengere, igawidwe kwa amene analipo nthawi imeneyo. Ngatinso mtengo wa kiyubiki ukukwera mukapyola mlingo winawake, dimba liwerengedwe pa mtengo wapamwambawo, poti ndilo lakankhira bilu kumeneko.

Payipi yothirira ndiyo imadanitsa anthu. Madzi ake saoneka kuchuluka, ndipo mwana akaisiya pa bedi n'kupita kosewera, palibe angadziwe kuti apita angati. Ngati wolima akuifuna ndithu, ayeze: aike payipi mu ndowa ya malita 20 n'kuwerenga nthawi. Ikadzaza pa mphindi ziwiri, ndiye malita 10 pa mphindi, theka la ola malita 300. Koma mphamvu ya madzi imasintha, m'mawa ina usiku ina, choncho dimba likakhala lalikulu ndi bwino kugula mita yaing'ono kuti pulambala aike pa mpopi wa kudimba, alandilodi atavomera. Mita ya bodi yokha musaikhudze, kutero ndi mlandu. Amene sangakwanitse mita agule mgolo wa malita 200, azidzaza anzake akuona, n'kumawerenga migolo.

Wolima angachepetse gawo lake. Athirire m'mamawa kapena dzuwa litapepa, aphimbire mabedi ndi udzu wouma kapena mapesi, athire manyowa okwanira kuti mchenga uzigwira madzi. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba apite m'dimba. A sopo wochapira zovala asapite pa masamba odya.

Pali ena amakonda kulipira ndi ndiwo, kugawira anzawo mpiru m'malo mwa ndalama. Kugawana ndi kwabwino, koma kukhale mphatso, chifukwa tsiku lodula madzi bodi ifuna ndalama, kuphatikizapo yolumikiziranso. Sankhani munthu mmodzi wotolera, ikani tsiku lomaliza kupereka masiku asanu lisanafike la pa bilu, ndipo lisiti kapena uthenga wa pa foni wotsimikiza kulipira uonetsedwe kwa onse.