Momwe mungakhazikitsire gulu lodziwitsana za pamsewu pakati pa Mulanje, Thyolo ndi Limbe

Munthu wochokera ku Mulanje kapena ku Thyolo amene akupita ku Blantyre m'mawa amayenda bwino mpaka atayandikira Limbe, kumene galimoto zimayamba kuthithikana. Msewu wa M2 umachokera kuchipata cha Muloza n'kudutsa pa Chitakale, Luchenza, Thyolo Boma, Bvumbwe ndi Chigumula, pomwe wa Midima umadzera ku Nkando n'kulowa m'tauni cha ku Bangwe, ndipo galimoto zambiri za m'misewu iwiriyi zimakakumana ndi za m'tauni pamsewu wa Masauko Chipembere. Kukuza misewu ndi udindo wa bungwe la Roads Authority ndi khonsolo ya mzinda, koma nthawi yonyamukira komanso njira yodzera zili m'manja mwa apaulendo eni ake, malinga akhale ndi uthenga woona panthawi yake. Gulu lokonzedwa bwino la pafoni lingathe kupereka uthenga wotere.

Choyamba, sankhani tsamba limodzi la mchezo ndipo mukhazikike pomwepo. Masiku ano masambawa amafanana kwambiri chifukwa akhala akutengerana zinthu. Zithunzi zozimiririka pakatha maola 24 zinatchuka ndi Snapchat mu 2013, Instagram inazitengera mu 2016, ndipo mu 2017 zinafika pa Facebook komanso pa WhatsApp, pomwe timazitchula kuti Status. Telegram nayo ili ndi magulu, matchanelo komanso njira yosonyezera pomwe munthu ali. Kufanana kumeneku ndi kumene kumasokoneza nkhani za pamsewu, chifukwa chithunzi cha lole imene yagwa m'mbali mwa msewu Lolemba chimachoka pagulu kupita pa Status, wina n'kuchijambulanso n'kuchiika pa Facebook, kenako Lachinayi chimabwerera pagulu lomwe lija chopanda tsiku, ndipo anthu amasintha ulendo chifukwa cha lole imene inachotsedwa kalekale.

Kwa anthu a kuno, ndikuona kuti gulu la WhatsApp ndilo loyenera. Mauthenga amabwera motsatana, uliwonse uli ndi nthawi imene watumizidwa, pomwe Facebook imaika pamwamba zimene ikuganiza kuti mungazikonde, ngakhale zikhale za dzana. Gulu limodzi limatha kulandira anthu 1,024, amene savutika kulankhula koma amachedwa kulemba angathe kujambula mawu, ndipo Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a masamba a mchezo amene ambiri amagula kale. Status musaidalire pa ntchitoyi, popeza imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana nawo nambala. Tchanelo cha WhatsApp, chimene chinayamba mu 2023, n'chothandiza gulu likakula, koma mwiniwake yekha ndi omuthandiza ndiwo amalembapo, choncho ndi chofalitsira zimene zatsimikizika kale, osati chosonkhanitsira.

Posankha anthu, musayambe ndi eni galimoto. Yambani ndi amene amakhala m'mbali mwa msewu tsiku lonse: mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pa Bvumbwe, wakabaza wa pasiteji ya Luchenza, wogulitsa mayunitsi pa Chitakale, ndi makondakitala angapo a minibasi zimene zimalowa m'depoti ya Limbe kangapo patsiku. Anthuwa amaona mzere ukuyamba kumene, ndipo amadziwa kusiyanitsa kuthithikana kwa tsiku la msika, kumene kumayamba chifukwa minibasi zaima pamsewu kukweza matumba, ndi kumene kwadza chifukwa cha ngozi. Anthu ochepa okhala pamalo oyenera amaposa khamu la ongowerenga. Oyang'anira gulu akhale awiri kapena atatu, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Thyolo, wina wogwira ntchito m'tauni.

Chofunika kwambiri ndi kalembedwe ka uthenga, ndipo apa m'pomwe magulu ambiri amalephera. Uthenga uliwonse unene malo, mbali imene yatsekeka, nthawi, ndi chimene wotumizayo waona ndi maso ake. Kulemba kuti "msewu wadzaza" sikuthandiza aliyense. Koma wina akalemba kuti, "Pa Chigumula, mbali yolowera ku Limbe, 6:50 m'mawa, lole yafa pakati pa msewu, galimoto zikudutsa imodziimodzi," amene ali pa Thyolo Boma angathe kusankha kudikira kaye. Nthawi ilembedwe m'kati mwa uthenga momwemo, osadalira imene foni imaonetsa, chifukwa kumalo kumene netiweki imavuta uthenga umatha kufika mochedwa, komanso ukatumizidwa kwina nthawi yoyamba ija imatayika. Ngati munthu wangomva kwa wina, anene poyera kuti wangomva.

Pali uthenga wina umene anthu amauiwala, ndiwo wonena kuti msewu watseguka. Amene wanena za vuto, kapena woyamba kudutsapo vutolo litatha, ayankhe pa uthenga woyamba uja kuti zinthu zili bwino. Woyang'anira atchere gulu kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, kuti nkhani zakale zisamapezeke zoti wina n'kuzidzutsanso. Malamulo a gulu awalembe pamalo ofotokozera za gululo, pomwe aliyense wolowa kumene angawaone.

Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asagwire foni ali paulendo. Imeneyo ndi ntchito ya kondakitala kapena wokwera. Amene akufuna kuti anzake aone mmene minibasi ikusunthira angathe kutsegula njira yosonyezera pomwe ali, imene pa WhatsApp imalola mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Asankhe nthawi yochepa, kuopa kuti gulu lonse lingamuperekeze mpaka pakhomo pake. Google Maps imaonetsa mtundu wofiira pamene galimoto zikukwawa, koma imadalira kuchuluka kwa mafoni amene ali pamsewupo, motero imathandiza kwambiri m'tauni kusiyana ndi m'minda ya tiyi, ndipo siinena chimene chatseka msewu.

Uthenga ukafika, a ku Mulanje ali ndi mwayi wosankha pakati pa Midima ndi msewu wodzera ku Thyolo, bola awerenge asanafike pomwe misewu iwiriyi imapatukana. A ku Thyolo Boma ndi Bvumbwe chida chawo chachikulu ndi nthawi: amene alibe nthawi yoikika ya kuchipatala kapena kuntchito achita bwino kulowa m'tauni ana asukulu ndi a m'maofesi atadutsa kale. Woyang'anira asamalamule kuti aliyense adzere njira yakuti, chifukwa onse akakhamukira kumodzi, mzere umangosamukira kumeneko. M'miyezi ya chiperoni gulu lizinenanso pomwe chifunga chatsika, ndipo m'nyengo ya dzinja lizinena za milatho ndi pomwe madzi adutsa pamwamba pa msewu. Amene anaona mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ya m'maboma athu mu Marichi 2023 akudziwa kufunika kwake.

Zinthu ziwiri zikanizidwe kuyambira tsiku loyamba. Zithunzi za ovulala kapena omwalira pangozi zisatumizidwe, pakuti m'gulu la anthu a dera limodzi m'posavuta kuti mayi azindikire malaya a mwana wake asanauzidwe mwaulemu, ndiponso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza zimene timafalitsa pa intaneti. Gulu lisakhalenso lochenjezana pomwe apolisi apamsewu aima n'cholinga choti wonyamula anthu mopyola muyeso awazembe. Wochita zimenezi achenjezedwe kamodzi payekha, ndipo akabwereza achotsedwe m'gulu.