Kukonza gitala yamagetsi kuti ilire bwino pa heavy metal

Thupi losongoka ndi utoto wakuda sizipanga gitala kukhala ya metal. Chofunika ndi nsambo yaikulu ija: mukaitsamira ndi m'mbali mwa chikhatho pafupi ndi bridge (chitsulo cha pathupi pamene nsambo zimathera) n'kumaimenya mofulumira, noti iliyonse izimveka payokha, ndipo mukaleka, mawu athere pomwepo. Zina zonse muzikonza kuti zithandize chimenechi.

Yambani ndi utali wa nsambo kuchokera pa nut (kachidutswa ka timipata kumapeto kwa khosi, kamene nsambo zimadutsapo) kufika pa bridge. Pa Gibson Les Paul ndi SG utaliwu ndi mainchi 24.75, pa Ibanez RG ndi Jackson zambiri ndi 25.5, ndipo magitala a baritone amafika 27 kapena kupitirira. Nsambo ikatalika imakungika kwambiri pa noti yomweyo. N'chifukwa chake gitala yaifupi imafulumira kulendewera mukatsitsa tchuni. Tony Iommi wa Black Sabbath ya ku Birmingham ankatsitsira dala mpaka C# ndi nsambo zopyapyala, popeza adaduka nsonga za zala ziwiri pa ngozi ya kufakitale ndipo ankafuna nsambo zofewa. Koma kwa amene akufuna ma riff (tizigawo ta noti tobwerezabwereza) othamanga, kutsitsa tchuni kuziyendera limodzi ndi nsambo zonenepa. Pa tchuni wamba ya E, seti ya 10-46 (manambalawa ndi kunenepa kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu) ikukwana. Pa drop D (nsambo yaikulu yokha itatsitsidwa kufika pa D) tengani 10-52, pa drop C (zonse zitatsitsidwa, yaikulu kufika pa C) 11-56, ndipo mukatsikira ku B musachepetse 12-60. Nsambo ikachepera, noti imakwera mukangoimenya kenako n'kumatsika pang'onopang'ono, moti ngakhale mutchune motani, simugwirizana ndi woimba besi.

Nsambo zonenepa nthawi zambiri zimakanirira m'timipata ta nut. Mukamva kuti "twi" potchuna, kapena noti ikudumpha, kamipatako kapanikiza. Kakuzeni m'mbali mokha ndi tupa yaing'ono, osakazamitsa, ndipo pakanimo mtovu wa pensulo kuti nsambo iziterereka.

Tsopano khosi. Tchunani kaye pa tchuni imene muziimbira, ikani capo (kopanira nsambo zonse pa khosi) pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi), dinikizani nsambo yaikulu pa fret yomaliza, ndipo onani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Uzikhala mamilimita 0.2 mpaka 0.3, kungolowa kapepala kolimba. Ukakula, mangani truss rod (chitsulo chachitali cha m'kati mwa khosi) ndi Allen key, kuzungulira momwe uyendera muvi wa wotchi. Ukasoweratu, masulani. Muzizunguza kota imodzi yokha, kutchunanso, kudikira pang'ono, ndiye kuyezanso. Ikalimba mwachilendo lekani, chifukwa truss rod ikathyokera m'khosi kukonza kwake n'kodula. Matabwa amatsatira nyengo: khosi lokonzedwa m'kutentha kwa Okutobala limasuntha chinyezi cha dzinja chikabwera, choncho muziliyezanso.

Mukamaliza khosi ndiye mukhudze bridge. Pa fret ya 12, nsambo yaikulu italikirane ndi fret ndi mamilimita pafupifupi 2, yaing'ono 1.5. Ambiri amatsitsa kwambiri pofuna kuthamanga pa solo, koma dzanja lolemera pa drop C limafuna malo oti nsambo ivinemo, apo ayi imakhudza ma fret ndipo noti imafa msanga. Kenako yerekezani noti ya nsambo yosagwira ndi ya pa fret ya 12 pa tuner. Ya pa 12 ikakwera, bwezani saddle (kachitsulo ka pa bridge kamene nsambo imakhalapo) kumbuyo, kutali ndi khosi. Ikatsika, ibweretseni kutsogolo.

Za bridge ya Floyd Rose tinene mosabisa: ndi yabwino kwa amene amakhala pa tchuni imodzi ndipo amagwiritsadi ntchito kandodo kake kotsitsira ndi kukwezera noti. Bridge imeneyi imayandama pakati pa kukoka kwa nsambo ndi kwa masipuling'i a kumbuyo kwa thupi. Mukasintha seti kapena tchuni, imapendekeka, ndipo muyenera kumanga kapena kumasula masikuluwu awiri a kumbuyoko mpaka itagonanso mofanana ndi thupi. Nsambo imodzi ikaduka, zotsala zonse zimachoka pa tchuni. Ngati mumasinthasintha pakati pa drop D ndi drop C, gulani ya bridge yokhazikika.

Pa ma pickup (maginito a pansi pa nsambo otola mawu ake), funani humbucker, makamaka ya pafupi ndi bridge. Makoyilo ake awiri amathetsana phokoso la magetsi, pomwe single coil (ya koyilo imodzi) imalira "mmm" mukakweza gain (mphamvu yokhakhalitsa mawu pa ampu). Pickup ya EMG 81 imayendera batire ya 9V ndipo imatulutsa mawu akuthwa, ofanana nthawi zonse. Kumbukirani kuzula chingwe mukamaliza, chifukwa chikakhala cholowa batire imangotha, ndipo ikafooka mawu amayamba kuthetheka. Zopanda batire, monga Seymour Duncan JB, zimamvera dzanja kwambiri. Zimenezi musazikweze kwambiri: siyani mpata wosachepera mamilimita 2 kuchokera pa nsambo yodinikizidwa pa fret yomaliza, popeza maginito amakoka nsambo n'kusokoneza noti.

Ntchito yonseyi imawonongekera pa ampu, kaamba ka gain wochuluka. Gain akapyola, ma riff amasanduka phala. Yambirani pa 5, kwezani mpaka palm mute (kumenya nsambo mutaitsamira ndi chikhatho kuja) itayamba kugunda, n'kuima. Bass (mawu apansi) ya pa ampu ikhale pakati, chifukwa pansipo pali kale besi ndi ng'oma. Mid (mawu apakati) musamuphe: nokha m'chipinda zimakoma, koma bandi ikayamba gitala imasowa. Njira yodalirika ndi kuika pedal (kabokosi kopondera ndi phazi) ya Ibanez Tube Screamer patsogolo pa ampu, drive pa 0, level pamwamba, tone pakati. Imadula mawu apansi asanalowe mu distortion (kukhakhala kwa mawu kwa pa ampu), ndipo nsambo yaikulu imauma bwino. Pomaliza ikani noise gate (chipangizo chotseka phokoso mukasiya kuimba), ndipo muikweze pokhapo pamene phokoso lathera mukagwira nsambo ndi dzanja. Mukapyola pamenepo, imayamba kudula michira ya noti zazitali pa solo.