Chiliza cha njerwa chimene simenti inkachiwononga

Chiliza china chakale m'manda a nthawi ya amishoni ku Blantyre chinkafumbutuka. Vuto linali simenti imene anaimata m'mizere ya pakati pa njerwa. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale, ndiye chinyezi chinkatulukira m'njerwazo n'kumazinyenya.

Eni manda atandilola, ndinagoba simentiyo ndi tchizulo chaching'ono, kuya masentimita 2. Galainda (makina odulira ndi kupalira) ayi, imadya ndi njerwa zomwe. Ndinanyowetsa mizereyo n'kumatamo laimu womangira: muyezo 1 wa laimu, miyezo 3 ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Kenako ndinafunditsa ziguduli zonyowa kwa sabata yathunthu, chifukwa dzuwa la Okutobala limaumitsa laimu msanga n'kumung'alula.

Ndere ndinazichotsa ndi madzi ndi burashi yofewa basi. Burashi ya waya imafufuta zilembo.