Momwe mungakonzere ulendo wa gulu la mpingo wopita ku Israel

Musayambe kufunsa mitengo musanadziwe kuti otsimikiza mulipo angati, chifukwa mukalengeza mu tchalitchi za ku Israel manja amakwera ambiri koma ikafika nthawi yosonkha ndalama mumatsala ochepa, ndipo mtengo wa basi ndi wa woperekeza alendo umagawidwa pa okhawo amene akupitadi. Tsegulani akaunti ya gulu ku banki, osayinira akhale atatu, ndalama isagone m'thumba la munthu olo akhale abusa.

Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala. Ife a Malawi sitifunika visa kulowa Israel, koma kuyambira January 2025 pali fomu ya ETA-IL yodzaza pa intaneti musananyamuke, mtengo wake ndi 25 shekel (ndalama ya ku Israel) basi. Ndiye wina akamakuuzani kuti bweretsani ndalama zambiri ndikukonzereni visa, ameneyo akufuna kukudyerani, mnyamata mmodzi wa kwaya wodziwa foni atha kudzazira gulu lonse. Ndege yosavuta ndi Ethiopian, kuchoka pa KIA kudutsa Addis Ababa kukatera pa eyapoti ya Ben Gurion ku Israel. Chiyambireni nkhondo ya October 2023 maulendo amatha kuimitsidwa mwadzidzidzi, choncho funsani momwe ndalama ingabwerere zikatero. Madola yambani kusaka kukadali miyezi, mukudziwa nokha momwe akuvutira.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa pepala la ejenti wokonza ulendo. Wathu anatipatsa pulogalamu yokongola, malo onse ali ndandanda, ndipo titamufunsa ngati zonse zili momwemo anayankha pakamwa kuti musadandaule zonse ndalipira. Tafika pa geti la Caesarea mmawa, woperekeza wathu akuti aliyense atulutse ndalama ya tiketi chifukwa kampani yake inangolandira za hotelo ndi basi, za mageti ayi. Ena mu gulu anali amayi achikulire oti anawo anachita kuwasonkhera, m'chikwama analibe kalikonse kupatula kandalama kogulira adzukulu mphatso. Zinandipweteka kwambiri kuwaona atakhala m'basi akuti pitani inu ana anga ife tidikira konkuno. Tinasonkherana pomwepo kuti aliyense alowe, koma nkhani yomweyo inatipezanso pa boti la pa Galileya ndi pa nkhomaliro tsiku lililonse, ejenti uja foni osayankha.

Ndiye musanapereke ngakhale tambala muuzeni alembe, mzere ndi mzere: matiketi a pa geti malo onse, boti, chakudya kangati pa tsiku (kawirikawiri ndi cha mmawa ndi cha madzulo chokha), kangachepe ka dalaivala ndi woperekeza komwe kumeneko amakayembekezera ndithu, inshuwalansi ya chipatala, komanso dzina la kampani ya ku Israel yomwe ikakulandireni. Kampaniyo ilembereni nokha email itsimikize kuti yalandira zingati ndipo ndi za chiyani. Ejenti wokana kukupatsani dzina limeneli musiyeni, ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Njira yake ine ndimati yambani ndi m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ma ejenti ena amakudumpha kuti mtengo utsike koma buku la Machitidwe limamveka bwino mukayenda kumeneku. Jaffa ili pafupi ndi Tel Aviv, ndiye Yopa wa m'Baibulo, doko lomwe Yona anakwerera chombo pothawa, komwenso Petro anaukitsa Tabita n'kuona masomphenya ali kwa Simoni wofufuta zikopa. Kuyenda m'menemo ndi ulere. Kenako mumalowera kumpoto, njira yomwe Petro anatsata popita kwa Korneliyo ku Caesarea, mzinda womwe Herode Wamkulu anamanga, komwe Paulo anakhala m'ndende zaka ziwiri. Mu 1961 anafukulako mwala wolembedwa dzina la Pilato, womwe mukauone pamenepo ndi wongofanizira, weniweni uli ku Israel Museum ku Jerusalem. Onetsetsani pa pulogalamu kuti ndi Caesarea wa kunyanja, chifukwa palinso Caesarea Philippi kumpoto kwenikweni ku Banias, komwe Petro anavomereza kuti Yesu ndi Khristu. Mukachoka apo kwerani phiri la Karimeli ku Muhraka mukawerenge 1 Mafumu 18, mudutse Haifa, nthawi ikalola mufike Akko, yemwe pa Machitidwe 21:7 akutchedwa Ptolemayi.

Mukagone ku Tiberias, kuchoka apo Nazareth, Cana, Capernaum, Tabgha ndi phiri la Madalitso zonse zili pafupi. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, pafupifupi makilomita 21 m'litali, tsidya lina mukuliona bwinobwino. Nsomba ya Petro yomwe amagulitsa modula kwa alendo ndi ya banja limodzi ndi chambo chathu, lawani kamodzi, masiku enawo falafel (timibulu tokazinga ta nyemba zopera) wa pamsewu amakhutitsa pa mtengo wochepa. Ofuna ubatizo mu mtsinje wa Yordano pali Yardenit pafupi pomwepo, mkanjo woyera ndi wolipira, kapena Qasr al-Yahud kufupi ndi Jericho.

Jerusalem yambirani pa phiri la Azitona kutsikira ku Getsemane, Via Dolorosa (njira ya mtanda), Holy Sepulchre (tchalitchi cha pa manda a Yesu) mulawirire mizere isanatalike. Garden Tomb, komwe ena amati ndiko kuli manda a Yesu, kulowa ndi ulere koma Lamulungu amatseka ndipo gulu liyenera kubukitsa. Bethlehem ili m'dera la Palestine, nyamulani pasipoti ndi kapepala ka buluu kamene amapereka pa eyapoti m'malo mwa chidindo, kasataike. M'malo opatulika amayi chitenje chisachoke m'chikwama, abambo kabudula ayi. Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo mashopu a Ayuda ndi otseka. Mitanda ya mtengo wa azitona musagule mu shopu yomwe basi yakuimikani, nenererani kumsika.

Pobwerera fikani pa eyapoti kukadali maola 3, mafunso ndi ambiri, ndipo katundu wa munthu wina musanyamule.