Mmene tingasamalire njira za m'nkhalango za m'chigwa cha Shire mvula yamphamvu ikagwa pambuyo pa chilala

Aliyense amene anayendapo m'nkhalango ya Lengwe m'mwezi wa Okutobala, m'chaka chimene mvula inavuta, akudziwa mmene nthaka ya kumeneko imaonekera. Udzu umakhala utatheratu, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, dothi la makande litachita ming'alu yoti dzanja n'kulowamo, ndipo pozungulira zitsime zomwera nyama pamakhala fumbi lokhalokha chifukwa njati, nswala, njiri ndi boo zakhala zikupondaponda pamenepo kwa miyezi. Pa nthawi yotere tonse timayang'ana kumwamba kudikira mvula. Koma mvula ikabwera mwamphamvu pa nthaka yopanda chofunda chotereyi, njira zimene zinatenga zaka kuti zilambulidwe zikhoza kusanduka zigwembe usiku umodzi, ndipo nkhani ino yalembedwa pofuna kuthandiza alonda a nkhalango, anthu a m'midzi amene amalembedwa ganyu yokonza misewu, makomiti a zachilengedwe ndi aphunzitsi oyenda ndi ana a sukulu kuti adziwe chochita mvulayo isanagwe, ikugwa, ndiponso itasiya.

Chigwa chathu chili ndi malo otetezedwa atatu akuluakulu: Majete m'boma la Chikwawa, amene akhala akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks kuyambira m'chaka cha 2003, Lengwe kufupi ndi Nchalo, amene anakhala paki m'chaka cha 1970, ndi Mwabvi m'boma la Nsanje, kufupi ndi Bangula. Palinso dambo lalikulu la Elephant Marsh limene limamwa madzi a Shire ndi Ruo akasefukira. Malo onsewa ali m'dera limene chilala ndi madzi osefukira zimasinthana ngati alendo a nyumba imodzi. Madzi a mu Januwale 2015 anatsatidwa ndi chilala cha 2016. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula damu lopangira magetsi la Kapichira, m'malire mwenimweni mwa Majete, mpaka dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira mvula inavutanso kotero kuti boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi ya njala. Amene amasamala njira za m'nkhalango kuno ayenera kugwira ntchito akudziwa kuti ng'amba ikatalika, madzi ambiri akhoza kubwera pambuyo pake.

Choyamba ndi kumvetsa chifukwa chake nthaka youma siimwa madzi monga mmene ambiri timaganizira. Udzu ndi masamba ouma ndiwo amalandira dontho la mvula n'kulifooketsa lisanafike pansi. Chilala chikapha udzu, moto wolusa n'kumaliza otsalawo, dontho limamenya dothi mwachindunji, n'kuliphwanya kukhala tinthu ting'onoting'ono timene timatseka timabowo tolowera madzi, ndipo pamwamba pake pamachita chikhakha cholimba. Madzi akasowa polowera amathamanga, ndipo amafunafuna malo otsika, osalala ndi opanda chowatsekereza. M'nkhalango malo oterowo ndi njira yathu yomweyo, imene mapazi ndi matayala anaigangata n'kuikumba pang'ono kuposa nthaka ya m'mbali. Makolo athu sanalakwe potcha mvula yoyamba kuti chizimalupsa ndi yotsatira kuti kokalupsa, pakuti imakokadi phulusa, ndowe ndi dothi lapamwamba n'kukazitaya m'makhwawa.

Dothi la makande, limene ndi lochuluka ku Lengwe ndi kumadera a Ngabu, lili ndi khalidwe lakelake limene limanyenga anthu ambiri. Mvula yoyamba imalowa m'ming'alu n'kuzimirira, ndipo m'mawa mwake njira imaoneka youma ngati kuti palibe chachitika. Mvula yachiwiri kapena yachitatu ikagwa, dothilo limafufuma, ming'alu imatsekeka, ndipo kuyambira pamenepo madzi amangodikha pamwamba, thope lake n'kukhala lomata kotero kuti nsapato imalemera pa sitepe iliyonse ndipo tayala limasanduka mpira wa matope. Ku Majete ndi ku Mwabvi, kumene kuli zitunda ndi miyala, vuto ndi lina: madzi satenga nthawi pamalo amodzi, amatsetsereka mwaliwiro n'kukumba.

Motero ntchito yaikulu iyenera kuchitika mu Seputembala ndi Okutobala, ngakhale kuti ndiyo nthawi imene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo khasu limadumpha pa nthaka. Yambani m'bandakucha, muweruke dzuwa lisanafike pamutu. Yendani njira yonse wapansi, osati pagalimoto, chifukwa amene ali pagalimoto saona kumene madzi a chaka chatha anadutsa. Paliponse pamene njira ikutsetsereka, umbani mtumbira wopingasa njirayo, wopendekera chakumunsi osati wowongoka, kuti madzi akaufika akhotere kutchire m'malo moumenya ndi kuulumpha. Mtumbirawo ukhale ndi kangalande kumtunda kwake, ndipo kukamwa kwa ngalandeyo kukathere pamalo a udzu kapena pamiyala imene mwayala, kuti madzi amwazike asanakumbe chigwembe china m'mbali. Pamene patsetsereka kwambiri mitumbira ithithikane. Pamene pali posalala italikirane. Cholinga n'chakuti madzi asayende mtunda wautali ali pamwamba pa njira, chifukwa mphamvu yawo yokumba imakula akamachuluka ndi kuthamanga. Ndaonapo anthu akukumba ngalande imodzi yaitali yotsata njira kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka pansi, poganiza kuti akuteteza msewu, koma ngalande yotero imasonkhanitsa madzi onse pamodzi ndipo pakutha pa dzinja ndiyo imadya msewuwo kuchokera m'mbali.

Makalavati onse, mapaipi odutsa madzi pansi pa njira, atsegulidwe, mchenga, nthambi ndi zisa za chiswe zichotsedwe, ndipo musaiwale kuyang'ana kukamwa kwa kumunsi, kumene kawirikawiri madzi amafukula pansi mpaka paipi kulendewera. Pamene njira ikuwoloka khwawa louma, kuyala miyala pansi kuti madzi azidutsa pamwamba kumapindula kuposa kuika paipi yaing'ono imene idzatsekeka ndi chipika choyamba chobwera ndi madzi. Mitengo youma imene yapendekera kunjira iikidwe chizindikiro, ndipo akuluakulu a nkhalango ndiwo agamule ngati idulidwe, popeza mtengo wouma ndi nyumba ya mbalame ndi tizilombo tambiri. Zida monga makasu, mafosholo, mapiki, wilibala ndi zingwe zisungidwe kutsidya kumene zidzafunike, mitsinje isanadzaze.

Mvula ikayamba kugwa mwamphamvu, chochita ndi kutseka njira za m'makande ndi zowoloka mitsinje, ndi kulimba mtima osazitsegula ngakhale mlendo atadandaula. Mverani uthenga wa nthambi yoona zanyengo pawailesi, koma yang'ananinso mitambo ya kumapiri, chifukwa mitsinje yathu imadzaza ndi mvula imene ifeyo sitinaione. Mwanza, Nkombedzi wa Fodya ndi Thangadzi ikhoza kukhala mchenga wokhawokha m'mawa, dzuwa likuwala m'chigwa, koma masana n'kutsika ndi madzi ofiira odzaza mitengo chifukwa kumtunda kwagwa mvula usiku. Pachifukwa chimenechi musamange msasa, musaimike galimoto ndipo musadyere chakudya pamchenga wa mtsinje m'nyengo imeneyi. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha akhoza kugwetsa munthu wamkulu, ndipo akafika masentimita 60 amanyamula galimoto zambiri, ngakhale zazikulu. Ngati simukuona pansi, musawoloke. Madzi a m'makhwawa oterewa amaphwa msanga, ndipo kudikira maola ochepa kumakwanira nthawi zambiri.

Mvula ikasiya, anthu awiri kapena atatu, mmodzi mwa iwo mlonda wa nkhalango wokhala ndi mfuti monga lamulo la m'malo a nyama zolusa likunenera, ayende wapansi kukaona njira galimoto iliyonse isanaloledwe. Poyesa ngati dothi lauma mokwanira, kumbani pang'ono ndi chikwanje, mutape dothi la pansi osati la pamwamba, n'kulifinya m'manja. Likaumbika ngati la mbiya n'kumata zala, njirayo sinakonzeke, ngakhale pamwamba patachita chikhakha chouma. Galimoto imodzi yodutsa pa makande onyowa imasiya mikwasa iwiri yakuya imene ikauma imalimba ngati njerwa, ndipo mvula yotsatira imaitenga kukhala mitsinje iwiri. Choipa kwambiri ndi chizolowezi cholambalala thope: woyamba amapatuka pang'ono, wachiwiri amapatuka kupitirira apo, ndipo pakutha pa nyengo pamene panali njira imodzi pamakhala bwalo lalikulu lopanda udzu. Oyenda pansi akapeza thope losazama adutse pakati pake. Likakhala lakuya abwerere.

Pa ulendo woyamba umenewu samalani ndi magombe a mitsinje, amene madzi amawafukula kunsi n'kusiya pamwamba pooneka polimba. Yang'ananinso kumwamba, chifukwa mitengo imene inafooka ndi chilala, kapena imene njovu zinaisenda makungwa posowa chakudya, imagwa masiku angapo mvula itasiya, mizu ikasowa pogwira m'dothi lofewa. Kumene kuli mpanda wamagetsi, malo oyamba kukaona ndi pamene mpandawo ukuwoloka mtsinje, pakuti zinyalala zimakodwa m'mawaya, madzi n'kukankha mpaka mizati kuzuka. Mpata wotero ukapezeka, mafumu a midzi yoyandikana adziwitsidwe tsiku lomwelo, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene chimanga ndi mapira zangomera kumene ndipo njati kapena njovu ikatuluka imalunjika kuminda.

Nyama nazo zimasintha mayendedwe. Zimene zinkasonkhana pazitsime zimamwazikana chifukwa madzi ali paliponse, motero mlendo wobwera mu Januwale asadabwe kupeza malo obisalira poonera nyama ali zii. Ng'ona ndi mvuu zimatsata madzi osefukira n'kupezeka m'mathamanda amene chaka chonse anali ouma, ndipo njoka zothawa m'mauna odzaza madzi zimakwera pazulu ndi panjira zokwera, pomwe ifenso timafuna kuponda. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyama zina zimene zapirira chilala chonse zimafa mvula itangogwa, chifukwa thupi lowonda silipirira kuzizira ndi kunyowa, ndipo msipu wanthete umazitsegula m'mimba. Nyama yakufa yotero isakhudzidwe, isasendedwe ndipo isadyedwe. Akuluakulu a nthambi ya zanyama zakutchire auzidwe msanga. Tizilombo ta matenda a anthrax timakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo madzi akhoza kutifukula n'kutisonkhanitsa m'malo otsika. Matendawa anapha mvuu zambiri ku Liwonde m'chaka cha 2018, pa mtsinje wa Shire womwewu, ndipo amagwiranso anthu.

Pokonza chigwembe chimene chakumbika panjira, musayambe ndi kuthiramo dothi, chifukwa mvula yotsatira idzalinyamula lonse. Kwerani kaye kumtunda mpaka mupeze pamene madziwo analowera m'njira, muwapatutse pamenepo ndi mtumbira. Mukatero tsikirani m'chigwembemo, mukhome zikhomo mizere iwiri yopingasa, mupanikize nthambi pakati pake, kapena muunjike miyala ngati ilipo. Tchingo lililonse likhale lalifupi, losapitirira m'mawondo, lolowa ndithu m'makoma a chigwembe mbali zonse, ndipo pakati pake pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi azidutsa pakati m'malo mofukula m'mphepete. Kumunsi kwa tchingo yalani miyala pogwera madzi. Matchingo ang'onoang'ono ambiri amagwira ntchito kuposa limodzi lalitali, limene likagumuka limawononga kuposa poyamba. Dothi limene madzi adzasiye kuseri kwa tchingo lililonse ndilo lidzadzaze chigwembecho pang'onopang'ono, ndipo pamenepo bzalanipo udzu wa pamalo pomwepo, wozulidwa ndi mizu yake kuchokera pamene wamera wothithikana. Udzu wa vetiva ndi wabwino kwambiri m'minda ndi m'nkhalango za m'midzi, koma m'malo otetezedwa ndi bwino kusalowetsamo mbewu yachilendo popanda chilolezo. Chimodzimodzinso, yang'anirani zomera zimene madzi abweretsa, makamaka namasupuni m'mathamanda ndi m'madamu omwera nyama, muzichotse zikadali zochepa.

Pali malo ena amene amagumuka chaka ndi chaka ngakhale atakonzedwa bwanji. Maganizo anga ndi akuti pamalo otero vuto ndi pamene njirayo inadutsitsidwa, ndipo kuli bwino kupempha chilolezo choisunthira pamalo okwera, yozungulira chitunda m'malo molunjika nacho, kenaka n'kutseka yakaleyo ndi nthambi za minga kuti udzu ubwerere. Kuti mudziwe malo amenewa, khomani chikhomo paliponse pamene madzi anafika patali kwambiri, mujambule ndi foni, ndipo mulembe m'kaundula tsiku, dzina la khwawa ndi kukula kwa chigwembe. Ntchito yaikulu yothira miyala ndi kusuntha njira idikire mpaka Meyi kapena Juni, pamene dothi lili ndi chinyezi chokwanira kugangatika koma silikumatanso, ndipo kaundula uja ndiye adzakuuzeni poyambira.