Kasakanizidwe ka sulphonic acid popanga sopo wamadzi

Kwa inu amene mumapanga sopo wamadzi wotsukira mbale, ngati makasitomala akudandaula kuti sopoyo akuwotcha m'manja, vuto nthawi zambiri limakhala pa muyeso wa sulphonic acid ndi caustic soda (soda waukali wopangira sopo, osati wophikira). Asidi ameneyu, yemwe ogulitsa ena amamutcha LABSA, ndi wabulawuni komanso wonanda ngati uchi, ndipo amakhala woyenera kutsukira pokhapokha soda atathetsa ukali wake.

Sungunulani soda m'ndowa yapulasitiki mutavala magolovesi ndi magalasi, ndipo muzithira soda m'madzi, osati madzi pa soda, chifukwa madziwo amatentha kwambiri ndipo angathe kukuthovukirani. Ndowa ya aluminiyamu musaigwiritse ntchito popeza soda amaidya. Madziwo akazizira, athireni pang'onopang'ono mu asidi amene mwamusungunula kale m'madzi, uku mukutakasa.

Kilogalamu imodzi ya asidi wa 96 peresenti imafuna magalamu pafupifupi 130 a soda, koma ine ndaona kuti sikelo payokha si yokwanira. Yezani sopoyo mobwerezabwereza ndi kapepala ka pH, kamene kamasonyeza ndi nambala ngati asidi kapena soda wachuluka, ndipo lekani kuthira soda mukafika pakati pa 7 ndi 8, chifukwa soda wotsalira ndi amene amawononga khungu. Mchere wolimbitsira sopo muuthire pomaliza komanso pang'onopang'ono, popeza ukachuluka sopo amasungunukanso n'kukhala ngati madzi.